Phunziro la Mwezi Uno: Kuumitsa ndi Kusunga Nkhuni

Mvula ikangoyamba, m'nyumba zambiri zophikira m'midzi mwathu mumadzaza utsi. Mayi amagwada pamafuwa kupemerera moto wokana kuyaka, misozi ili mbwembwembwe, mwana ali kumbuyo akutsokomola. Ambiri amati ndi mmene dzinja limakhalira. Koma vutoli limayamba kale m'chilimwe, pamene banja silinakonzeretu nkhuni zouma. Akuluakulu anati mmera m'poyamba. M'phunziro lino tiona chifukwa chake nkhuni zaziwisi zili zoipa pa moyo wathu, ndiponso mmene tingaziumitsire ndi kuzisungira molingana ndi nyengo ya dera limene tikhala.

KUOPSA KWA NKHUNI ZAZIWISI

Mtengo wongodulidwa kumene uli ndi madzi ambiri, pafupifupi theka la kulemera kwake. Ndiye kuti mayi amene wasenza mtolo wa nkhuni zaziwisi wolemera makilogalamu 20, wasenza madzi okwana ngati makilogalamu 10. Nkhuni zotere zikaikidwa pamoto, motowo umayamba watha mphamvu zake pophwetsa madziwo. Choncho sutentha mokwanira, nkhuni sizinyeka bwino, ndipo zimangofuka utsi. Nkhuni zouma bwino ndi zimene madzi ake atsika kufika pa magawo 20 mwa magawo 100 alionse, kapena kucheperapo.

Mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono ta mwaye timene timalowa mpaka m'kati mwa mapapo. Mulinso mpweya woipa wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha, koma umapha munthu akagona ndi moto m'nyumba yotseka. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira chifukwa cha utsi wa m'nyumba, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka zisanu. Utsi umathandizira kudzetsa chibayo mwa ana, chifuwa chosatha mwa amayi, matenda a mtima ndi ng'ala m'maso. Mayi woyembekezera akamapuma utsi tsiku ndi tsiku angathe kubereka mwana wochepa sikelo.

MALAMULO A PONSEPONSE

Kaya mukhala kumapiri kaya kuchigwa, kumbukirani mfundo izi:

1. Wazani nkhuni zikadali zaziwisi. Khungwa limatsekera madzi m'kati, kotero chikuni chosawaza chimachedwa kuuma, pamene chowaza chimatulutsa madzi mbali zonse.

2. Ziduleni zifupizifupi, kutalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, chifukwa madzi ambiri amatulukira kumapeto odulidwawo.

3. Musaziunjike padothi. Yalani miyala kapena mitengo iwiri pansi, kapena mangani thandala, kuti chinyezi ndi chiswe zisazipeze.

4. Zisanjeni mopingasa ndi kusiya mipata. Dzuwa limatenthetsa nkhuni, koma ndi mphepo imene imachotsa chinyezi.

5. Folerani pamwamba pokha ndi udzu kapena lata lakale, m'mbali mukhale poyera. Pepala la pulasitiki likakuta mulu wonse, nkhuni zimachita thukuta ndi kuyanga nkhungu. Ngati mwaika pepala pamwamba, lipendeketseni kuti madzi asadikhe, pakuti m'madzi odikha ndimo udzudzu umaswana.

6. Yambani kusonkha nkhuni zakale, zatsopano zidikire.

Nkhuni youma imapepuka, imakhala ndi ming'alu kumapeto, ndipo khungwa lake limasendeka lokha. Mukagundanitsa ziwiri zimalira kuti khokhokho. Yaiwisi imalira mogonthera, ndipo ikakhala pamoto imatuluka thovu kumapeto kwake.

KUZIGWA ZA PAKATI

Ku Lilongwe, Kasungu, Mchinji ndi mbali yaikulu ya Mzimba, mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Malichi kapena Epulo, kenaka kumakhala kouma miyezi yambiri. Nthawi yabwino yokonza nkhuni ndi yomwe mwangomaliza kukolola, mu Meyi ndi Juni. Nkhuni zowazidwa bwino kawirikawiri zimauma pa miyezi iwiri kapena itatu, koma zamitengo yolimba zimafuna nthawi yoposerapo. Zisiyeni padzuwa chilimwe chonse, ndipo muzilowetse m'chisakasa kapena m'chigafa mwezi wa Okutobala usanathe. Lambulani udzu kuzungulira mulu wa nkhuni, chifukwa nyengo imeneyi moto wolusa ndi wosasowa. Sungani pouma zitsononkho za chimanga, popeza zimathandiza kukoleza moto masiku a mvula.

KUMAPIRI

Ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba, miyezi ya Juni ndi Julaye imabwera ndi chiperoni, mvula yowaza ndi nkhungu zimene zimatha masiku angapo dzuwa osaoneka. Ku Dedza ndi ku Viphya nakonso kumazizira ndipo mame amachedwa kukamuka. M'madera otere nkhuni zosiyidwa pamtetete zimanyowanso nthawi imene kwina zikuuma. Choncho zikhale pansi pa denga kuyambira tsiku loyamba, m'chisakasa chopanda zipupa, ndipo ziwazidwe zing'onozing'ono. Kuuma kwenikweni kumachitika kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Bulugamu, amene ambiri amadalira kumeneku, sawazika msanga akauma, ndiye muwazeni mutangomudula. Paini amauma msanga ndipo amayaka msanga, koma utomoni wake umachulutsa mwaye, choncho ndi bwino kumusakaniza ndi nkhuni zolimba. Mitengo ya nandolo imene imatsala mukakolola ndi nkhuni zabwino. Imangeni m'mitolo ndi kuiimiritsa pouma.

M'MBALI MWA NYANJA

Ku Nkhata Bay mvula imagwa yambiri ndipo imachedwa kusiya, nthawi zina mpaka mu Meyi. Kumeneku, ndiponso ku Nkhotakota ndi Karonga, kumatentha koma mpweya umakhala wa chinyezi, moti nkhuni zounjikidwa pansi zimawola ndi kumera bowa. Mnzanu wamkulu ndi mphepo ya mwera, imene imaomba kuchokera kummwera miyezi yozizira. Sanjani nkhuni mzere umodzi wautali mopingasa njira ya mphepoyo, pathandala lokwera, patali ndi mthunzi wa mitengo ya mango. Amene mumawamba nsomba, dziwani kuti ntchito imeneyi ili ndi utsi wambiri. Ichitikire panja, ndipo ana asamakhale pafupi.

KUCHIGWA CHA SHIRE

Ku Chikwawa ndi Nsanje dzuwa limaomba kwambiri ndipo nkhuni siziona kuchedwa kuuma. Mavuto a kumeneku ndi ena: chiswe, tizilombo tofumbwitsa mitengo ndi kusefukira kwa madzi. Pa madzi osefukira a mu 2015, ndiponso pa namondwe wa Freddy mu 2023, mabanja ambiri anataya katundu wawo. Madzi akalowa m'mudzi, zitsime zimaipa, ndipo imeneyi ndiyo nthawi imene banja limafunitsitsa moto wowiritsira madzi akumwa kuti lipewe kolera ndi kutsekula m'mimba. Choncho mangani nsanja yaitali pamalo okwera ndi kusungapo nkhuni zapadera. Phwasulani mulu nthawi ndi nthawi kuti muone ngati chiswe chalowa.

CHENJEZO

Mulu wa nkhuni ndi malo obisalamo njoka, zinkhanira ndi makoswe. Ukhale patali pang'ono ndi nyumba yogona, ndipo musautsamiritse kukhoma. Tengani nkhuni kukadali kowala, mutayamba mwagogoda muluwo ndi ndodo. Musatume ana usiku. Munthu akalumidwa ndi njoka, musamuteme mphini pabalapo kapena kuyamwa ululu. Fulumirani naye kuchipatala.

M'nyumba yophikira muzisunga nkhuni za tsiku limodzi kapena awiri okha, patali ndi moto. Musakolezere moto ndi majumbo, mphira kapena matabwa opaka utoto ndi mankhwala, chifukwa utsi wake ndi waululu. Nkhadze musaithyole kuti ikhale nkhuni, pakuti utomoni wake umawononga maso.

Nkhuni zouma zimachepetsa utsi, koma siziuthetsa. Boolani mawindo m'nyumba yophikira, ndipo kukacha bwino phikirani panja. Mbaula yadothi ya chitetezo imatha nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa. Pophika, khanda likhale ndi munthu wina patali ndi utsi. Ngati mwana akutsokomola, akupuma mofulumira, m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamapuma, kapena akukana kuyamwa, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo. Chimenechi chingathe kukhala chibayo.

Ntchito ya nkhuni si ya amayi okha. Abambo agwire nkhwangwa ndi kumanga chisakasa. Podula, sadzani nthambi za mitengo yanu yobzala monga kesha ndi gilisidiya, imene imaphukiranso, m'malo mogwetsa mitengo yachilengedwe. Banja losonkha nkhuni zouma limatha mitolo yochepa, ndipo nkhalango imapuma.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi nkhuni youma mungaizindikire bwanji?
2. N'chifukwa chiyani sitiyenera kukuta mulu wonse ndi pulasitiki?
3. Kwanu kuno, ndi mwezi uti umene nkhuni ziyenera kukhala zitalowa pansi pa denga?
4. Ndi zizindikiro ziti za chibayo zimene mayi ayenera kudziwa?

Mukafika kunyumba, kafotokozereni anzanu zimene mwaphunzira lero, ndipo ngati pali chimene simunamvetse, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.