Pakati pambuyo pa opareshoni yochepetsa thupi: zoyenera kudziwa muli kunja komanso pobwera ku Iponga

Pakati pa Amalawi okhala ku UK, Ireland, America ndi South Africa alipo amayi amene anachitidwa opareshoni yochepetsa chifu pofuna kuthana ndi kunenepa kwambiri, shuga kapena BP. Kwathu kuno kunenepa timakutenga ngati umboni woti munthu akudya bwino, ndipo kuwonda mwadzidzidzi kumadzetsa manong'onong'o. N'chifukwa chake ena amabisa nkhaniyi. Koma mukakhala ndi pakati, chinsinsi chimenechi chingakupwetekeni. Aliyense wokuthandizani, kaya ndi dokotala ku Leeds kapena namwino wa pachipatala cha Iponga ku Karonga, ayenera kudziwa kuti m'mimba mwanu munasinthidwa.

Dziwani dzina la opareshoni yanu

Maopareshoniwa si amodzimodzi. Pa gastric sleeve madokotala amachotsa gawo lalikulu la chifu, pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Pa gastric bypass amasiya kathumba kakang'ono ngati dzira la nkhuku n'kukalumikiza kumatumbo, motero chakudya chimalambalala malo amene thupi limayamwira ayironi ndi kashiamu wambiri. Pa gastric band amamanga lamba kumtunda kwa chifu, ndipo lambalo amatha kulimasulako ngati mayi akusanza kwambiri.

Pemphani kalata yonena mtundu wa opareshoni, tsiku lake ndi mankhwala amene mukumwa. Amene munakachitidwira opareshoniyi ku Turkey kapena ku India, perekani kalatayo kwa dokotala wa kumene mukukhala, chifukwa popanda iyo palibe amene adzakuitaneni kuti mukayezetse magazi.

Musathamangire kutenga pakati

Madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18, ena amati zaka 2, kuti thupi liyambe lasiya kutsika. Amayi amene anavutika zaka zambiri osaima amadabwa kuti thupi likangotsika msambo umabwerera m'chimake ndipo pakati pamabwera msanga. Pambuyo pa bypass mapiritsi olerera sakhala odalirika, chifukwa thupi silingawayamwe onse. Funsani za lupu kapena kachipangizo ka pamkono. Ngati pakati pabwera nthawiyo isanakwane, musataye mtima. Pitani kuchipatala sabata yomweyo.

Mavitamini ndi a moyo wonse

Mwana amatenga zonse kwa mayi, ndipo thupi la mayi wochitidwa opareshoniyi limayamwa zochepa. Yambani folic acid miyezi itatu musanaime. Mlingo wa masiku onse ndi 0.4 mg, koma ngati mukadali wonenepa kwambiri kapena muli ndi shuga, dokotala angakulembereni 5 mg. Mufunikanso ayironi, kashiamu, vitamini D ndi vitamini B12, amene ambiri amalandira pa jakisoni miyezi itatu iliyonse. Musamwe ayironi nthawi imodzi ndi kashiamu kapena tiyi. Siyanitsani ndi maola awiri. Onetsani botolo la mavitamini anu kwa dokotala: vitamini A wa mtundu wa retinol akachuluka amavulaza mwana, choncho oyembekezera amapatsidwa wa beta-carotene. Pa chifukwa chomwechi, chiwindi chisiyeni kaye.

Magazi ayezedwe miyezi itatu iliyonse. Mukayamba kulakalaka dothi, musayitanitse paketi ya dothi kumudzi. Kawirikawiri chimenecho ndi chizindikiro choti ayironi wachepa.

Zitatu zimene sikelo wamba angaphonye

Choyamba ndi kuyeza shuga. Pakati pa masabata 24 ndi 28 amayi amamwetsedwa madzi a shuga okwana magalamu 75. Kwa wa bypass madziwa amagwera m'matumbo mwachangu n'kuyambitsa chizungulire, thukuta, kuthamanga kwa mtima ndi kutsekula m'mimba, zimene madokotala amati dumping syndrome. Pemphani kuti m'malo mwake muziyeza shuga pachala kunyumba kwa sabata imodzi.

Chachiwiri ndi kakulidwe ka mwana. Opareshoniyi imachepetsa ngozi ya shuga ndi BP ya pakati, koma ana ena amabadwa ochepa thupi. Pemphani sikani yoona kakulidwe kake pafupipafupi m'miyezi itatu yomaliza.

Chachitatu ndi kupweteka kwa m'mimba ndi kusanza. Pambuyo pa bypass matumbo amatha kulowa pampata umene opareshoni inasiya n'kupotokola, makamaka chiberekero chikamakula. Ululu waukulu wa kumtunda kwa mimba si "zapakati chabe". Pitani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo nenani kuti mukufuna kuonedwa ndi dokotala wa maopareshoni. Kusanza kosalekeza kumatha vitamini B1 m'thupi, zomwe zingawononge ubongo, choncho kumbutsani madokotala kuti akupatseni vitaminiyu (thiamine) asanakuikeni diripi ya shuga. Brufen ndi diclofenac musamwe, amayambitsa zilonda pamsoko.

Mukaganiza zobwera kumudzi

Iponga ili kumpoto kwa boma la Karonga, kufupi ndi chipata cha Songwe, m'chigwa chotentha cha minda ya mpunga. Kumene kuli madzi a mpunga kuli udzudzu. Munthu akakhala kunja zaka zingapo, mphamvu imene thupi linali nayo yolimbana ndi malungo imatha, ndipo malungo kwa woyembekezera amathetsa magazi, amachititsa kupita padera kapena kuchira masiku asanakwane. Ngati ulendowo ungadikire, udikire. Ngati ndi maliro kapena matenda oti simungalephere, kaonaneni ndi dokotala mwezi umodzi musananyamuke. Doxycycline saloledwa kwa oyembekezera, ndiye musagule mankhwala oteteza malungo mwa inu nokha. Gonani m'neti usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo, ngakhale mutabwerera kale kunja.

Mukakhalitsa n'kuyamba sikelo kwathu kuno, adzakupatsani Fansidar kuyambira mwezi wachinayi. Bungwe la WHO limachenjeza kuti folic acid wa 5 mg amafooketsa Fansidar, choncho uzani namwino mlingo umene mukumwa ndipo zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala.

Kumbukiraninso mtunda. Chipatala cha Iponga ndi chaching'ono. Zikavuta amatumiza kuchipatala cha boma ku Karonga, ndipo zikakula ndi ulendo wa maola angapo kukwera mapiri a Chiweta mpaka ku Mzuzu Central Hospital. Nyengo ya dzinja mitsinje ya kumeneko imasefukira. Bwerani ndi mavitamini okwanira ulendo wonse, kalata ya dokotala, inshulansi yovomereza pakati, ndi nambala ya munthu wa galimoto amene angadzuke usiku. Makampani ambiri a ndege amafuna kalata mukapyola masabata 28 ndipo salola kukwera mukafika masabata 36.

Pamphasa ndi apongozi

Mayeso enieni ali pa chakudya. Adzakuikirani mpunga wa Kilombero wodzaza mbale, mbalagha yotentha (nthochi zophika ndi nyama), chambiko ndi botolo la Fanta, n'kunena kuti, "Idyani mwanawe, mukudyera awiri." Yambani ndi ndiwo, chifukwa mufunika magalamu osachepera 60 a zomanga thupi patsiku: usipa wodya ndi minga yomwe, mazira, nyemba, nyama ya mu mbalagha, masamba otendera. Mpunga kapena nthochi zibwere pomaliza, masipuni ochepa. Tafunani bwino, idyani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, ndipo madzi mumwe pakatha mphindi 30. Fanta, Sobo ndi thobwa lothira shuga zikaneni, ndipo chambiko chikhale cha mkaka wowiritsa. Mankhwala achikuda ofulumizitsa kuchira, monga mwanamphepo, musalandire.

Kukana chakudya popanda chifukwa ndi mwano, choncho nenani zoona mwaulemu: "Amayi, chakudyachi chakoma zedi, koma adokotala anandichepetsa chifu. Ndisungireni, ndidyanso pakapita nthawi." Bambo a kunyumba athandize kufotokozera abale awo asanafike pamphasapo. Apongozi amene amva bwino nkhaniyi ndi omwe adzathamangire kukaitana galimoto m'mimba mukapweteka, m'malo mokuuzani kuti mupirire.

Mwana akabadwa muyamwitseni, opareshoni siletsa. Pitirizani mavitamini ndi kuyezetsa magazi, chifukwa B12 wanu akachepa ndiye kuti wachepanso m'mawere, ndipo sankhani njira yolerera musanatuluke m'chipatala.