Averil anafa akudikira thandizo: inu mukudikira chiyani?

Mwina mumati matenda okana chakudya ndi a azungu, kwanu sangafike. Mvetserani kaye za Averil Hart.

Mtsikanayu, wa ku England, anadwala anorexia, matenda a m'maganizo omwe munthu amadzimana chakudya poopa kunenepa. Anagona m'chipatala cha Addenbrooke's ku Cambridge miyezi 10, ndipo atatuluka mu 2012 anakayamba maphunziro pa University of East Anglia ku Norwich. Mu Disembala chaka chomwecho anamwalira ali ndi zaka 19.

Zinalakwika pati? Atatuluka m'chipatala, anayenera kumayezedwa kulemera kwake sabata iliyonse, koma sizinatsatidwe bwino. Amene anapatsidwa udindo womuyang'anira anali wongoyamba kumene ntchito, wosazolowera matendawa. Bambo ake ataona kuti waonda moopsa anadandaula, koma thandizo silinafulumire. Anapezeka atakomoka m'chipinda chake, ndipo ngakhale kuchipatala panapita masiku katswiri wa matendawa asanamuone. Mu 2017, ofesi yofufuza madandaulo a zaumoyo ku England inagamula kuti imfa yake inali yopeweka, ndipo kuti nthambi zinayi za NHS, bungwe la boma loona za umoyo, sizinamusamale bwino.

Averil atamwalira kale, boma la UK linapatula mapaundi 30 miliyoni pachaka othandizira odwala matendawa, koma ndalamazo zinali za ana ndi achinyamata osapitirira zaka 18. Amsinkhu wa Averil anatsala kunja. Ngati dziko lolemera chonchi limasiya mpata woti mwana n'kugweramo, inu mukudalira ndani?

Yang'anani mwana wanu, mng'ono wanu, ngakhalenso inu mwini. Kodi amati "ndadya kale" nthawi iliyonse mukapakula? Amangoseweretsa chakudya m'mbale? Amathamangira kuchimbudzi akangodya? Amavala zovala zikuluzikulu, kumva kuzizira kukutentha, kuchita chizungulire, kapena wasiya kusamba kumwezi? Mukamuyamikira kuti "wachepa bwino", mukudziwa chimene mukulimbikitsa?

Musamukalipire kuti ndi matama, kapena kumukakamiza ndi mbale. Pitani naye kuchipatala msanga, ndipo akakuuzani kuti mudikire, funsani dzina la amene azimuyeza ndi tsiku lake. Akasamukira kusukulu yakutali, onetsetsani kuti achipatala akumeneko alandira mbiri yake. Aphungu anu afunseni kuti ndalama za matenda a m'maganizo zili kuti. Musadikire kuti akomoke.