COFUNDA CA ZIGAMBA: PHUNZIRO LA MSOKO

Amai ndi atsikana okonda singano, phunziro lathu la lero likunena za cofunda ca zigamba, cimene pa Cingerezi amaciti quilt. Cofunda cimeneci saciluka monga bulangete ai. Amacisoka polumikiza tinsalu ting'onoting'ono tambiri, ndipo pambuyo pace amaika thonje pakati ndi nsalu yaikuru kunsi. Mphepo ya June ikafika, mwana wogona m'cofunda cotere sadzuka ndi cisanu. Koma nchitoyi iri ndi lamulo limodzi, ndipo wolinyozera amataya nsalu, ulusi ndi masiku ace.

1. Kumene luso limeneli linakulira

Nchitoyi inakula kwambiri ku America. M'zaka za m'ma 1870 akazi a kumeneko ankakonda kusoka cofunda copanda zigamba ziwiri zofanana, motero ankasinthana tinsalu ndi anansi ao. M'zaka za m'ma 1930, pamene umphawi unagwira dziko lonselo, ambiri ankasoka ndi matumba a ufa ndi a cakudya ca nkhuku. Ku Gee's Bend, m'dera la Alabama, akazi akuda, zidzukulu za akapolo, ankang'amba zobvala zakutha zogwirira nchito kumunda nasoka nazo zofunda. M'caka ca 2002 zofunda zao zinaonetsedwa m'nyumba zazikuru zosungira zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo anthu anazizwa nazo.

Masiku ano masitolo a nsalu a kumeneko amagulitsa zigamba zodulidwa kale, zomangidwa m'timitolo. Kamtolo kodziwika kwambiri amakacha charm pack. Cigamba ciriconse cimakhala ca mbali zinai zofanana, mainchesi 5 uku ndi uku, ndiye kuti masentimita 12.7, ndipo kawirikawiri m'kamtolo kamodzi mumakhala zigamba 42 za mitundu yogwirizana.

2. Lamulo la msoko

Popeza zigambazo anazidula kale molingana, cimene catsala m'manja mwa wosoka ndi msoko. Lamulo lace ndi iri: msoko uliwonse upite pa kota ya inchi kucokera kumphepete, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 6, osaonjezera, osacepetsa. Cigamba cimataya kota kumanja ndi kota kumanzere, motero ca mainchesi 5 cikasokedwa mbali zonse cimaoneka ca mainchesi 4 ndi theka.

Tsono tiwerenge. Zigamba 42 tikaziyala m'mizere 7, mzere uliwonse zigamba 6, cofunda cidzakhala mainchesi 27 m'mimba mwace ndi 31 ndi theka m'litali mwace. Cimeneci ndi ca mwana wakhanda. Wofuna cokulirapo atenge timitolo tiwiri, ayale mizere 9 ya zigamba 9, ndipo adzapeza mainchesi 40 ndi theka mbali zonse, zigamba zitatu nkutsalako.

Wina adzati: Kodi kuphonya pang'ono kuli ndi kanthu? Taonani. Mukalowetsa singano m'kati mopitirira ndi milimita imodzi ndi theka, msoko umenewo wadya mamilimita atatu, cifukwa walanda ku zigamba zonse ziwiri. Mzere wa zigamba 6 uli ndi misoko isanu, ndiye kuti mzerewo wafupika ndi mamilimita 15. Mukaulumikiza ndi mzere wosokedwa bwino, ngodya sizikumana, nsalu icita makwinya, ndipo cofunda sicigona pansi. Akuru anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mau amenewa amagwira pa zolakwa zomwe.

Cifukwa cace yambani mwadziyesa. Lumikizani zigamba zitatu, muzisite, ndipo muyese ndi rula. Zikakwana mainchesi 14, dzanja lanu liri bwino. Zikaperewera kapena kupitirira, phwasulani muyambenso. Wosoka pamanja alembe mzere ndi pensulo kuseri kwa cigamba. Wosoka pa makina amate kapepala kolimba pambali pa singano, kuti mphepete ya nsalu idzitsata pomwepo.

3. Kasokedwe kace

Coyamba, zigamba za m'kamtolo musazicape musanazisoke. Madzi amazikhwinyata mosiyanasiyana, ndipo ulusi wa m'mphepete umayamba kucoka.

Caciwiri, yalani zigamba zonse pamphasa musanagwire singano. Sakanizani zowala ndi zakuda kufikira diso litakondwa. Kusuntha cigamba pamphasa nkwapafupi, koma kuphwasula msoko kumatenga tsiku.

Cacitatu, sokani mzere umodziumodzi. Zigamba ziwiri ziyang'anizane kumaso, ndipo msoko ukhale kuseri.

Cacinai, sitani misoko. Ya mzere woyamba igonere kumanja, ya waciwiri kumanzere, ya wacitatu kumanjanso. Mukatero, polumikiza mizere misoko idzalumana yokha, ndipo ngodya zinai zidzakumana pamodzi. Simbi muziiika ndi kuinyamula, osaikhwekhwereza, kuopa kukoka nsalu.

4. Kumaliza cofunda

Yalani nsalu yakunsi, kumaso kwace kuyang'ane pansi. Pamwamba pace ikani thonje loyalika, kapena bulangete lakale lopyapyala, kenaka nsalu yanu ya zigamba. Yakunsi ndi yapakati zikule kuposa yapamwamba ndi zala zinai mbali zonse. Gwirizitsani zitatuzi ndi mapini kapena ndi misoko italiitali yodzaicotsa. Tsono sokani kupyoza zonse zitatu, kuyambira pakati kunka kumphepete, kuti makwinya adzithawira kunja. Mizere imeneyi isatalikirane kuposa cikhato, cifukwa thonje losagwidwa limaundana pocapa. Potsiriza dulani zotsalira, ndipo mphepete muikulunge ndi kansalu kakatali ka mainchesi awiri ndi theka, kopinda pawiri.

5. Kwa amene alibe kamtolo

Kamtolo ka kusitolo kangocepetsa nchito ya sizasi basi. Akazi a ku Gee's Bend analibe. Pansi pa makina a telala aliyense pamagwa zidutswa za citenje. Pemphani kapena gulani zimenezo. Izi zokha muyambe mwazicapa musanazidule, pakuti citenje cina cimasuluka nkudetsa cinzace. Dulani katoni ya mainchesi 5 mbali zonse, ikhale muyeso wa zigamba zanu zonse, ndipo ikayamba kulala m'mbali dulani ina. Musasakanize nsalu yolemera ndi yopyapyala, kapena yatsopano ndi yofumbwa, cifukwa yofookayo idzang'ambika pamsoko.

Aphunzitsi a m'midzi awerenge phunziroli ndi amai pamene asonkhana. Amai asanu akagawana mizere ya cofunda cimodzi, onse ayambe ayesa zigamba zitatu zija ndi rula imodzi, kuti mzere wa uyu ukakumane ndi wa uyo.

Mafunso

1. Kodi cigamba ca mainchesi 5 cimatsala cotani cikasokedwa mbali zonse?
2. Cifukwa ninji siticapa zigamba za m'kamtolo, pamene zidutswa za citenje timazicapa?
3. Mai wina ali ndi zigamba 64, ndipo waziyala mizere 8 ya zigamba 8. Cofunda cace cidzakhala ca mainchesi angati?