Kuyenda Limodzi ndi Wophunzira wa Sukulu ya Open

Abwenzi, tiyeni tiwerenge ndimeyi mosinthana, kenako tikambirane mafunso ali kumapetowo.

Masana, ophunzira a m'mawa akaweruka, m'makalasi omwewo mumalowa gulu lina. Awa ndi ophunzira a sukulu za sekondale za open. Ena sadasankhidwe atalemba mayeso a Sitandade 8, ena akubwereza Fomu 4, ena ndi atsikana amene adabwerera atabereka, pakuti kuyambira mu 1993 lamulo la Unduna wa Zamaphunziro limawalola kutero. Ambiri amafika atatopa kale, wina kuchokera kudimba, wina kumsika, wina atasiyira agogo mwana.

Wophunzira wotere sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba ndi kujomba Lachisanu chifukwa cha ganyu, kenako sabata yathunthu, mpaka manyazi amamuletsa kubwerera. Nthawi zambiri nzeru ali nazo. Chimene chimasowa ndi munthu woona msanga kuti mpando wake uli wopanda munthu. Ife sitingalipirire aliyense fizi, koma tingathe kukhala munthu ameneyo.

Pali malo atatu pamene ambiri amagwera. Poyamba ndi pa kulembetsa mayeso a MSCE ku bungwe la MANEB. Kulembetsa kumachitika miyezi ingapo mayeso asanafike, ndipo wodutsidwa nthawi amadikira chaka china. Tifunse kusukulu masiku ake, tithandize banja kusunga ndalama pang'onopang'ono, ndiponso tionetsetse kuti dzina ndi maphunziro ake zalembedwa molondola.

Pachiwiri ndi pa Chingerezi. Pa MSCE magiredi amayambira 1 kufika 9, ndipo 9 ndi kulephera. Munthu akhoza kuchita bwino masamu ndi zaulimi, koma akalephera Chingerezi satifiketi salandira. Popeza nthawi ya m'kalasi ku open ndi yochepa, ola limodzi pa sabata lowerenga naye mokweza, kulemba chimangirizo ndi kuyankha mapepala a mayeso akale limapindula kwambiri. Amene tidafika Fomu 4 tingathe kuchita zimenezi pakhonde pathu.

Pachitatu ndi pa funso lakuti, "Ndikamaliza ndidzatani?" Wophunzira amene sakuona kumene akulowera amagwa ulesi msanga. Tisadikire zotsatira za mayeso kuti tiyambe nkhaniyi. Malo ku yunivesite ndi ochepa, koma njira zina zilipo. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja monga ukalipentala, zomangamanga, kuwotcherera, utelala ndi zamagetsi. Kuyambira mu 2015 boma lidayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma, monga ya Ngara ku Karonga. Tipite naye akafunse yekha zimene zimafunika polembetsa. Timutengerenso kwa mmisiri wa m'dera lathu tsiku Loweruka, akagwire zipangizo ndi manja ake, kuti aone chifukwa chake masamu a muyezo ali ofunika.

Pochita zonsezi tisamale ulemu wake. Tisamukumbutse zakale, tisamuchititse manyazi pagulu, ndipo tiyambe ndi kukaonana ndi makolo kapena omulera. Mtsikana ayende ndi mayi kapena mtsikana mnzake wamkulu. Sitikumusankhira ntchito ayi, tikungomuthandiza kuti asankhe akudziwa.

Mafunso okambirana

1. Ndi zizindikiro ziti zoonetsa kuti wophunzira watsala pang'ono kusiya sukulu?
2. N'chifukwa chiyani nkhani ya ntchito iyenera kuyamba mayeso asanafike?
3. Tingathandize bwanji mayi wachitsikana kupeza nthawi yowerenga popanda kukhumudwitsa akwawo?

Zochita sabata ino

Awiriawiri, tiganizire wophunzira mmodzi wa open amene timamudziwa. Tikacheze kwawo, timumvetsere, tidziwe phunziro limene likumuvuta ndi ntchito imene amailakalaka. Tikadzakumananso tidzafotokozerane zimene taphunzira, osatchula dzina lake.