Musapendeketse pulojekita, sunthani galasi lake

Pulojekita ikafika pakhomo, kaya mwaigula ku Limbe kaya wakutumizirani m'bale wanu wa ku Joni, chimene ambiri timachita n'kuikhazika pakathebulo n'kuilozetsa kukhoma. Chithunzi chikagwera m'munsi, timaika buku kapena chidutswa cha njerwa kunsi kwa miyendo yakutsogolo kuti makina ayang'ane kumwamba. Chithunzi chimakweradi, koma chimatuluka ngati ndowa, chachikulu kumwamba, chaching'ono kunsi. Bullets ikamakumana ndi Manoma, mitengo ya golo imaoneka ngati ikugwa. Makinawo sanawonongeke ayi, mwawapendeketsa.

Pali njira ziwiri zokonzera vutoli, ndipo ogulitsa ena amazitchula ngati ndi chinthu chimodzi. Yoyamba ndi keystone. Iyi imafinya mbali yaikuluyo mpaka ifanane ndi inzake. Maso amakhutira msanga, koma kufinyako kumataya ena mwa timadontho topanga chithunzi, ndiye zolemba zing'onozing'ono, monga mphindi za mpira pakona kapena mawu a nyimbo kutchalitchi, zimayamba kuchita chimbuuzi. Yachiwiri ndi lens shift. Iyi imasuntha galasi lenilenilo la kutsogolo, kulikweza, kulitsitsa kapena kulikankhira m'mbali, makina ali phee pamalo pake. Chithunzi chimayenda chathunthu, makona ake anayi ali owongoka, osataya kadontho ngakhale kamodzi.

Yang'anani pamwamba pa makina, pafupi ndi galasi. Kupatula popotokola focus ndi zoom, pulojekita yokhala ndi lens shift imakhala ndi kagudumu kena kamodzi kapena tiwiri. Zodula kwambiri mumasunthira pa rimoti. Timakina totchipa ta LED, tokwana m'chikwama cha mwana wasukulu, nthawi zambiri tilibe.

Buku la makina limatchula kusunthaku m'maperesenti, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezekera. Maperesentiwo ndi a kukula kwa chithunzi chanu. Chithunzi cha mainchesi 100 cha 16:9 chimakhala masentimita 221 kuchoka kumanzere kufika kumanja, ndi 125 kuchoka pansi kufika m'mwamba. Epson EH-TW7100 imakwera kapena kutsika ndi 60 peresenti, m'mbali 24 peresenti. Ndiye pachithunzi chimenechi mutha kuchikweza ndi masentimita 75, kapena kuchikankhira m'mbali ndi masentimita 53, kuwerengera kuchoka pamene galasi layang'anizana ndi pakati penipeni pa chithunzi. Zina, monga BenQ W2700, zimangosuntha pang'ono chabe, chokwera ndi chotsika basi. Komanso simungafikitse mbali zonse kumapeto nthawi imodzi: mukakweza kwambiri, mpata wopita m'mbali umachepa.

Tsono musanakhome msomali uliwonse, tengani tepi. M'buku lomwelo muli nambala yotchedwa throw ratio; muichulukitse ndi kutambalala kwa chithunzi. Ikakhala 1.5, chithunzi cha masentimita 221 chikufuna makina akhale pafupifupi mamita 3.3 kuchoka kukhoma. Pabalaza pakachepa, chepetsani chithunzi. Mainchesi 80 ndi okwanira banja ndi alendo omwe.

Kuno kwa Chimaliro nyumba zambiri zilibe siling'i, ndipo ine sindingakulangizeni kumangirira makina kumtanda wa denga. Mu Okutobala malata amatentha ngati chiwaya, pomwe pulojekita payokha imatulutsa kale mpweya wotentha. Shelefu yolimba kukhoma lakumbuyo ndi yabwino kuposa pamenepo: ana safikira, wodutsa satchinga kuwala kwambiri, ndipo ndi pamene lens shift imaonetsa phindu lake, chifukwa mumangotsitsa chithunzi kufika pamlingo wa maso a munthu wokhala pampando. Siyani mpata kumbuyo ndi m'mbali kuti fani ipume.

Bwerekani levulo kwa mmisiri womanga nyumba, muyeze shelefu mbali zonse ziwiri. Kenako yatsani makina, bwezani keystone pa 0, mutsegule chithunzi choyesera cha mizeremizere chimene mapulojekita ambiri ali nacho mu menyu. Pakadali pano musadandaule kuti chithunzi chagwera pati, kaya pakhomo kaya pawindo. Yang'anani mawonekedwe ake okha. Kumwamba kukakula kuposa kunsi, makina ayang'ana kumwamba, atsitseni mphuno. Mbali imodzi ikatalika kuposa inzake, atembenuzireni pang'onopang'ono ku mbali yaifupiyo mpaka zifanane. Makona akawongoka, musawakhudzenso makinawo. Kukula kwa chithunzi kukonzeni ndi zoom, malo ake ndi lens shift, focus ikhale yomalizira. Kagudumu kakalimba, kafika kumapeto. Mukakakamiza mudzathyola timano ta m'kati.

Nthawi zina mlandu umakhala wa khoma. Pulasitala wamabampu amapindika mizere ngakhale makina akhale bwino chotani. Nsalu yoyera yokokedwa zolimba pa felemu ya matabwa imathandiza, koma nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, nsalu imamwa chinyontho n'kulendewera, ndiye muziikokanso. Chinyontho chomwecho chimameretsa nkhungu pagalasi, choncho makina asamagone m'chipinda chonyowa. Fumbi la mumsewu wa ku Goliati nalo limatseka sefa ya mpweya, muziichotsa n'kuikuntha.

Za magetsi mukuzidziwa kale. A ESCOM ndi a mavolti 230, ndiye werengani kachikwangwani kakumbuyo ngati makinawo achokera ku America, muone ngati amalandira mphamvu imeneyi. Pulojekita ya babu imafuna kuti fani izizungulirabe kanthawi mutaizimitsa, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi babu amatsala ali wotentha. Ka UPS kakang'ono kamakupatsani mphindi zoizimitsira bwinobwino.

Ngati yanu ilibe lens shift, sunthani makina enieniwo: kwezani thebulo lonse kapena tsitsani nsalu mpaka zigwirizane, keystone muigwiritse pang'ono pokhapokha zina zonse zitakanika. Ndipo ngati simunagule, muuzeni wogulitsa ayatse makinawo inu mukuona, apotokole kagudumuko. Chithunzi chikayenda chonse osasintha mawonekedwe, imeneyo ndi lens shift. Chikafinyika mbali imodzi, ndi keystone, ndipo musalipire mtengo wa chinthu chimene mulibe m'makinamo.