Labrador akakuyang'anani ngati sanadye

Kwathu ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, galu sankadziwa mbale. Ankadya mkute wadzulo, mitu ya milamba, ndi matemba ogwa pathandala mwini wake akayang'ana kumbali. Zina ankadzionera yekha: masana ali kumunda kukumba mbewa ndi anyamata, madzulo ali padoko kudikira mabwato ochokera ku Chisi. Nthiti zake unkaziwerenga uli patali. Tinakula tikudziwa kuti galu wonenepa ndi wa pakhomo pa mwanaalirenji, ndipo munthu akakuuza kuti "mwanenepatu" umathokoza.

Maso amenewo ndi omwe tinakwera nawo basi ya ku Joni ndi ndege ya ku London. Lero ena mwa inu mukusamala galu wa abwana ku Cape Town, ena ana anakukakamizani kugula wanu ku Leeds kapena ku Dublin. Galuyo akakhala Labrador kapena Golden Retriever, maso akumudzi aja akunamizani.

Agalu amenewa ndi a m'madzi, ngati ife a ku Chilwa. Makolo a Labrador ankathandiza asodzi a ku Newfoundland, kenaka alenje a ku Britain anawatenga kuti aziwatolera abakha omwe awombera. Golden Retriever anayambira ku Guisachan, ku Scotland, mu 1868, pa ntchito yomweyo. Ndikawaona ndimakumbukira alenje a mbalame akwathu akuvutika m'matope pakati pa njedza. Galu wotere akanawapepuza. Thupi lake linapangidwira kusambira ndi kuthamanga tsiku lonse, koma pano limangogona pakapeti kudikira kuti muweruke.

Njala yake si mwano. Mu 2016 Eleanor Raffan ndi anzake a ku yunivesite ya Cambridge anapeza kuti pafupifupi Labrador mmodzi mwa anayi alionse amabadwa ndi vuto pa jini yotchedwa POMC, yomwe imathandiza ubongo kudziwa kuti thupi lili ndi chakudya chokwanira. Mu 2024 anapezanso kuti agalu otere akakhala phee, thupi lawo limagwiritsa ntchito chakudya chochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi anzawo. Njala imabwera msanga, chodyedwacho n'kusanduka mafuta. Ndiye akaika chibwano pabondo lanu inu muli pakati pa nsima, maso ali mwaa ngati mwana wamasiye, musaganize kuti mwamumana. Akadya mbale ziwiri adzakuyang'anani chimodzimodzi.

Poti maso sathandiza, gwiritsani ntchito dzanja. Tambasulani dzanja lanu, musisite kuseri kwake pamene pamayambira zala. Nthiti za galu wabwino zimamveka choncho, fupa lili pansi pa khungu ndi kamnofu pang'ono. Zikamamveka ngati mfundo za chibakera ndiye kuti waonda. Zikamamveka ngati chikhatho, moti mpaka mudinikize kuti mupeze fupa, wanenepa. Golden Retriever ubweya wake umabisa zambiri, choncho lowetsani zala mpaka pakhungu. Kenaka imani pamwamba pake mumuyang'ane: kuseri kwa nthiti payenera kuoneka chiuno. Akangoti ndendende ngati thumba la chimanga, zinthu zalakwika. Madokotala a ziweto amapereka manambala kuyambira 1 mpaka 9, ndipo galu ali bwino pa 4 kapena 5. Labrador wamphongo nthawi zambiri amalemera makilogalamu 29 mpaka 36, wamkazi 25 mpaka 32. Zipatala zambiri za ziweto zili ndi sikelo pamalo odikirira. Muzikamuyeza kamodzi pamwezi, nambalayo muziisunga pafoni.

Chakudya muziyeza pasikelo ya kukhitchini. Kapu ili ngati mbale ya ogulitsa mpunga pamsika wa Zomba: kudzaza kwake kumatengera dzanja la woyeza. M'mawa yezani chakudya cha tsiku lonse, muike m'kontena imodzi, ndipo aliyense wofuna kupatsa galu atape mmenemo. Ikatha yatha. Muyezo wolembedwa pathumba muuwerenge potengera kulemera komwe galu ayenera kukhala nako, osati komwe ali nako pano. Galu wofulidwa kapena wokalamba amafuna chochepa kuposa kale, ndiye akachokera ku opaleshoni funsani adokotala muyezo watsopano. Tomunyengerera tonse, mabisiketi ndi zina, tisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a zomwe amadya patsiku. Kaloti kapena zitheba zimagwira ntchito yomweyo. Akakhala womeza osatafuna, mwazani chakudyacho pakapinga azifunafuna ndi mphuno.

Mwina mukuti ndi nkhanza. Ku America ofufuza anatenga ma Labrador 48 n'kuwaika awiriawiri. Pa awiri alionse, mmodzi ankadya chakudya chochepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Zotsatira zinatuluka mu 2002: theka la odya pang'ono linafika zaka 13, pomwe theka la anzawo linali litafa pofika zaka 11 ndi miyezi iwiri. Nyamakazi nayo inachedwa kuwagwira odya pang'onowo. Ndipo kunja kuno kunenepetsa galu kungakufikitseni kukhoti. Mu 2007, ku Ely ku England, abale awiri anapezeka olakwa chifukwa Labrador wawo, Rusty, anapitirira makilogalamu 70.

Ngati wanenepa kale, musamugoneke ndi njala. Galu wa makilogalamu 40 azitaya magalamu 400 mpaka 800 pa sabata basi. Yambirani kwa adokotala, chifukwa nthawi zina chomwe chanenepetsa ndi matenda a chithokomiro, ndipo iwo ndi amene angakupatseni chakudya chokhutitsa koma chosanenepetsa. Kuyenda kuyambe pang'onopang'ono, kawiri patsiku. Ku South Africa miyezi yotentha muziyenda naye m'mamawa kapena dzuwa litapepa, popeza galu wonenepa sachedwa kukomoka ndi kutentha. Pakakhala damu kapena gombe lololedwa agalu, muponyereni mpira m'madzi. Kusambira sikupweteka mawondo.

Chovuta kwambiri ndi anthu. Achimwene ogwira ntchito m'mayadi, mumadziwa kuti kuuza adona kuti galu wawo wanenepa n'chimodzimodzi kuwanenera mwana. Musatsutsane nawo. Apempheni kuti agwire okha nthiti, kapena nenani kuti, "Madamu, tikapita kukabayitsa katemera tikafunse za sikelo." Mawu akachokera kwa adokotala amamveka. Inunso siyani kumugawira nsima yanu ya masana kuseri kwa galaja, ngakhale ndi iye yekha amene amakulandirani ndi chimwemwe pageti.

Pakhomo panu, tsiku loopsa ndi la 6 Julaye, Amalawi mukasonkhana kuotcha nyama. Mlendo aliyense amaponya kachidutswa kamodzi, alendo makumi awiri. Mutsekereni m'chipinda ndi chakudya chake mpaka mbale zitachotsedwa, ndipo bini ikhale yotseka. Msuzi wa ndiwo zathu umakhala ndi anyezi, yemwe amawononga magazi a galu. Mphesa, chokoleti ndi mafupa ophika a nkhuku nazo zisamufike. Auzeni ana ndi agogo omwe abwera kudzacheza kuchokera kumudzi.