Ku California Apolisi Safunsa Mapepala, Nanga Mlamu Wanga Anagwidwa Bwanji?

WOULUTSA: Takulandiraninso okondedwa omvera, inu a ku Indiana, a ku Texas, a ku Seattle, komanso inu makolo akumudzi amene ana anu ali kuno ku America. Mayi loya afika kale ndipo makalata adzaza thebulo.

LOYA: Tiyeni tiyambiretu, sabata yatha nthawi inatithera.

WOULUTSA: Yoyamba yachokera kwa mayi wina ku Dallas. Akuti viza yawo inatha, ndipo mwana wawo wa zaka 7 akungokhala pakhomo chifukwa akuopa kuti kusukulu akawafunsa mapepala.

LOYA: Mwanayo apite kusukulu Lolemba likubwerali. Khoti lalikulu la dziko lino linagamula kale mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe, kuti sukulu za boma zisakanize mwana maphunziro chifukwa cha mapepala. Ndipotu mlanduwo unachokera ku Texas komweko. Akufunsani umboni wa komwe mumakhala, zaka za mwana ndi katemera. Ina.

WOULUTSA: Bambo wina ku Florida akuti kuchipatala anapeza funso pa fomu lofunsa ngati ali m'dziko muno mwalamulo.

LOYA: Lilipodi. Florida inaliika mu 2023, Texas inatsatira mu 2024. Mutha kukana kuyankha ndipo thandizo mulandirabe. Wodwala mwakayakaya sabwezedwa pakhomo la chipatala, limenelo ndi lamulo la dziko lonse kuyambira 1986. Musafere m'nyumba chifukwa cha fomu, bambo.

WOULUTSA: Iyi ndi yaitali, yachokera ku Sacramento. Akuti: "Mlamu wanga anaimitsidwa usiku akuchokera kuphwando, atamwako pang'ono. Anagona kupolisi, m'mawa anamutulutsa. Patapita masabata atatu a ICE anamudikirira panja pa nyumba n'kumutenga. Ife tinamva kuti California ndi sanctuary. Kodi apolisi aja sanaphwanye lamulo?"

LOYA: Eya. Iyi ndiye tiikhalire pansi. "Atamwako pang'ono." Mawu amenewo ndimawamva sabata iliyonse, ndipo ndibwererako.

Vuto lathu Amalawi ndi lakuti kwathu apolisi ndi amodzi, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, bwana wawo mmodzi. Ndiye tikafika kuno, aliyense wovala yunifomu timangoti boma. Kuno sizili choncho. Pali apolisi a mzinda, pali a sheriff amene amayang'anira ndende za m'dera, pali apolisi a steti, kenako pali a ICE, amene ndi a boma lalikulu la ku Washington. Nkhani ya kulowa ndi kutuluka m'dziko ndi ya boma lalikululo. Koma mu 1997, pa mlandu wa Printz, khoti lalikulu linanena kuti Washington singakakamize apolisi a steti kuigwirira ntchito yake. Mlanduwo unali wa mfuti, osati wa ife obwera, koma pamenepo ndi pamene malamulo onse a sanctuary atsamira.

Tsono California, mu 2017, inakhazikitsa lamulo lotchedwa SB 54. A Jerry Brown analisainira, linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2018. Likuti wapolisi asakufunseni za mapepala anu. Likuti ndende ya m'dera isakusungeni nthawi yanu yotuluka itakwana chifukwa chakuti a ICE atumiza kapepala kawo ka detainer, kopempha kuti musungidwe maola ena 48. Boma lalikulu linakasuma, koma pa mfundo imeneyi linagonja, ndipo mu 2020 khoti lalikulu linakana kuumva mlanduwo. Mwaona nokha kuti mlamu wanu anatulutsidwa m'mawa. Apolisi aja anatsata lamulo.

Koma mvetserani apa. Lamulolo lamanga manja a apolisi a California. Manja a ICE silinawakhudze n'komwe. A ICE amalowa mu Sacramento, mu Chicago, mu Portland mmene afunira. Ndipo munthu akangofika kundende, amamudinda zala. Zidindo zimenezo zimapita ku FBI, a FBI amazipatsira ku unduna umene uli pamwamba pa ICE. Inuyo munadinda kale zala popempha viza ku Lilongwe komanso pabwalo la ndege. Kompyuta imangofananiza basi. Palibe wapolisi anaimba foni, palibe Mmalawi mnzanu anakuperekani. Ndikunena dala zimenezi chifukwa nkhani zotere zikachitika timayamba kulozana zala kutchalitchi, mabanja mpaka kudana.

WOULUTSA: Ndiye kuti mayi, sanctuary ilibe phindu?

LOYA: Phindu lilipo, lalikulu. Mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna wake atha kuimba 911 osaopa kuti funso loyamba likhala la viza. Wakuba akakuthyolerani nyumba mutha kukachitira umboni. Apolisi a ku Los Angeles anaziona zimenezi kalekale, mu 1979, kuti anthu akamaopa apolisi milandu siululika. Oregon inaika lamulo lake mu 1987. Ku Illinois analisainira mu 2017 ndi a Bruce Rauner, amene anali a chipani cha Republican. Koma ngakhale ku California, amene anapezeka wolakwa pa milandu ikuluikulu yachiwawa atha kuperekedwa kwa a ICE. Si bulangete lofunda aliyense.

Tsono tibwerere kwa "atamwako pang'ono." Abale anga, ndatopa nako kunena. Chimene chimagwetsa anthu athu ambiri amene amafika muofesi mwanga ndi chiwongolero. Munthu wagwira ntchito mashifiti awiri kosamalira okalamba sabata yonse, Loweruka kuli braai, kuli mpira, wamwa, akuti kunyumba ndi pafupi. Uber ya madola 20 waiona kudula. Lero loya akufuna masauzande, ana akulira, ndalama ya fetereza kumudzi yaima.

Kunabwera mnyamata wina kwa ine chaka china, wophunzira bwino, waulemu. Anakhala ku Chicago zaka zingapo, kenako anasamukira ku South Bend poti lendi ndi yotsika ndipo Amalawi ndi ambiri. Ulendo wake wa maola awiri okha pagalimoto. Iye m'mutu mwake ankaganiza kuti akadali pansi pa malamulo a Illinois. Sanadziwe kuti Indiana inaletsa mizinda yake kukhala sanctuary kuyambira 2011. Getsi limodzi lakumbuyo linali lakufa, laisensi inali itatha, nkhani inayambira pomwepo. Ndinamufunsa kuti babu amagula zingati, anangoweramitsa mutu.

Inu a ku Texas ndiye samalani kwambiri. Lamulo lawo la 2017, SB 4, limalola wapolisi kukufunsani za mapepala akakuimitsani, ndipo ndende ikuyenera kumvera detainer. Florida inachita zofanana mu 2019. Madera ambiri anasainirana ndi a ICE mgwirizano wotchedwa 287(g), umene umapatsa apolisi wamba mphamvu zina za a ICE. Mukamasamuka mumafunsa za lendi ndi za ntchito. Funsaninso za lamulo.

WOULUTSA: Mayi, nthawi ikutha, pali kalata ina ya ku…

LOYA: Dikirani pang'ono achimwene, ndimalize, chifukwa wina akumvera koyamba lero. A ICE akagogoda pakhomo, musatsegule. Afunseni alowetse chikalata chimene abwera nacho pansi pa chitseko. Yang'anani amene wasaina. Ngati ndi woweruza wa khoti, ali ndi mphamvu yolowa. Ngati wasaina ndi ofesala wa ICE, monga pa fomu ya I-200, chikalatacho sichiwapatsa mphamvu yolowa m'nyumba mwanu popanda inu kulola. Ife ndi ulemu wathu uja timathamangira kunena kuti lowani, fikani, mpaka kupereka mpando. Mukatero mwawalola nokha.

Musathawe, musalimbane nawo. Muli ndi ufulu wokhala chete, kaya muli ku Oregon kaya ku Texas. Koma kukhala chete ndi kunama n'zosiyana. Kunena kuti ndinu nzika ya America pamene si zoona, khomo lopezera mapepala latsekeka mpaka kalekale, ngakhale mutadzakwatira nzika. Ndipo musasaine pepala limene simunalimvetse. Anthu asainira okha ulendo wobwerera kwawo akuganiza kuti akusainira belo. Komanso a "ndikudziwa munthu wina amakonza mapepala" aja, amene amalandira ndalama m'galimoto, asiyeni.

Bambo a ku Sacramento, mlamu wanu mutha kumufufuza pa intaneti, a ICE ali ndi tsamba lofufuzira anthu amene awatsekera. Pamafunika nambala yake yoyamba ndi A, kapena dzina lake lonse, ndi dziko lobadwira. Pezani loya wa nkhani za olowa m'dziko sabata ino, ndipo loya wa mlandu wa mowa uja asavomere kanthu kukhoti asanalankhulane ndi mnzakeyo.

WOULUTSA: Kalata ya ku Maryland tiyamba nayo sabata ya mawa. Mawu omaliza mayi?

LOYA: Nambala ya loya ndi ya m'bale amene angatenge ana kusukulu muzilembe papepala usiku uno, muike m'chikwama. Foni amalanda pakhomo la ndende.